Kompyuta yosankhira ana anthete chakudya cha m'diripi: tiyambe ndi kulemba za ana athu

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa kafukufuku amene anasindikizidwa m'mwezi wa Marichi chaka cha 2025 m'magazini ya zachipatala ya Nature Medicine, wokhudza kugwiritsa ntchito luso la makompyuta lotchedwa AI posankha chakudya chimene ana obadwa masiku asanakwane amalandira kudzera m'mitsempha. Ndine namwino komanso mzamba wopuma pantchito, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndinazithera kunasale. Anzanga ena amene ndakambirana nawo nkhaniyi akuti ndi za kunja zosatikhudza, pamene ena, makamaka achinyamata, akuti boma lifulumire kugula lusoli. Ine sindikugwirizana ndi mbali zonse ziwiri. Kafukufukuyu ali ndi chinthu chimene chingathandize ana a kuno, koma sitingachigwiritse ntchito mosaopsa tisanayambe kulemba mwadongosolo zimene ana athu akudya, mmene akukulira ndi zimene magazi awo akuonetsa.

Ndiyambe ndi vuto lenilenilo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti mwana wobadwa masiku asanakwane amangofunika kufunditsidwa basi. Mimba yokwana imatenga masabata pafupifupi 40, ndipo mwana wobadwa masabata 37 asanakwane ndiye amene timati wafulumira. Miyezi itatu yomaliza ya mimba ndi imene mwana amasunga mafuta pansi pa khungu, amalimbitsa mafupa ndi calcium wochokera kwa mayi ake, ndiponso ubongo wake umakula mofulumira kwambiri. Zonsezi amazilandira usana ndi usiku kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Akabadwa pa masabata 28, akulemera mwina kilogalamu imodzi yokha, njira imeneyi imadulidwa mwadzidzidzi iye asanafike potha kuyamwa, kumeza ndi kupuma mogwirizana, zimene zimatheka bwino cha pa masabata 34. Matumbo akenso amakhala osakhwima, moti mkaka timauyamba pang'onopang'ono, n'kumawonjezera tsiku ndi tsiku poyang'ana ngati mimba ikuulandira. Pamasiku amenewa, pamene mkaka sunafike pa mlingo wokwanira, mwana amafunika china chomugwiriziza.

M'maiko olemera chinthu chimenecho ndi chakudya chathunthu cha m'diripi, chimene madokotala amachitchula mwachidule kuti TPN. Si madzi a shuga okha monga amene tinazolowera kuona atapachikidwa pambali pa bedi. M'thumba lake mumakhala shuga, tizidutswa ta mapuloteni timene thupi limamangira minofu, michere ya sodium, potassium, calcium ndi phosphate, mavitamini komanso zinc, ndipo mafuta amaperekedwa pamodzi nazo. Njirayi inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ku Philadelphia m'dziko la America, kumene dokotala wa opaleshoni Stanley Dudrick ndi anzake anaonetsa kuti khanda likhoza kukula popanda kudya chilichonse pakamwa. Vuto lake n'lakuti thupi la mwana wa kilogalamu imodzi silikhululuka. Potassium akachuluka mtima ukhoza kusokonekera, shuga akachuluka kapena kuchepa ubongo ukhoza kuvulala, ndipo calcium ndi phosphate zikasakanizidwa molakwika zimaundana m'thumba momwemo. Chifukwa cha ichi, m'zipatala zambiri za kumeneko dokotala amalemba mlingo watsopano m'mawa uliwonse poyang'ana kulemera kwa mwana ndi zotsatira za magazi, katswiri wa zakudya ndi wa mankhwala amaunikanso, kenaka thumbalo limasakanizidwa m'chipinda chapadera chosalowa tizilombo. Ndi ntchito ya maola ambiri pa mwana mmodzi, ndipo ngakhale akatswiri amavomereza kuti zolakwika zimachitikamo kawirikawiri.

Zimene anachita akatswiri a ku yunivesite ya Stanford ku California, motsogozedwa ndi Pulofesa Nima Aghaeepour, n'zakuti anatenga milingo pafupifupi 80,000 imene madokotala analembera ana oposa 5,900 kwa zaka khumi, pamodzi ndi zotsatira za magazi ndi mbiri ya matenda a anawo, n'kuziphunzitsa kompyuta. Pulogalamu imene anapangayo anaitcha TPN2.0. Itasanthula zolembedwazo, kompyuta inapeza kuti milingo yonse yosiyanasiyana ija ikhoza kuikidwa m'magulu 15 okha, ndipo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku imakhala kuuza dokotala kuti lero mwana uyu akuyenera mtundu uti mwa mitundu 15 ija, komanso wochuluka motani. Anaiyesanso pa zolembedwa za ana a chipatala china, cha yunivesite ya California ku San Francisco, ndipo inagwira ntchito bwino. Madokotala a ana ataonetsedwa milingo popanda kuuzidwa kuti walemba ndani, kawirikawiri ankasankha ya kompyuta. Chinanso chimene anapeza n'chakuti ana amene analandira chakudya chosiyana kwambiri ndi chimene kompyuta ikadasankha ndi amene ankadwala kwambiri matenda a tizilombo m'magazi ndi matenda otupitsa ndi kuoletsa matumbo otchedwa NEC.

Mfundo yomalizayi tiyenera kuimva mosamala. Kafukufukuyu anayang'ana m'mbuyo, pa ana amene anathandizidwa kale, ndipo sanatsimikize kuti kutsatira kompyuta ndiko kukadawapulumutsa. Mwana wodwala kwambiri ndiye amene dokotala amamulembera mlingo wachilendo, choncho n'zotheka kuti kudwala ndiko kunabweretsa kusiyanako. Eni ake kafukufukuyu ananena okha kuti chotsatira n'kuyesa pulogalamuyi pa ana amene ali m'chipatala, ena kuwathandiza m'njira yakale ndipo ena m'njira yatsopano, kenaka n'kuyerekeza.

Komabe chimene chinandigwira mtima si kompyutayo ayi, koma nambala ya 15. Chimene chimalepheretsa zipatala za maiko osauka kupereka chakudya cha m'diripi si kusowa kwa nzeru zowerengera milingo, chifukwa madokotala ndi anamwino athu masamu amenewo amawatha. Chotchinga chachikulu ndi chipinda chosakaniziramo, zipangizo zake, ndi katswiri wa mankhwala woti aziphika thumba lapadera la mwana aliyense tsiku lililonse. Ngati mitundu yochepa yokhazikika ingakwanire ana ambiri, ndiye kuti matumbawo akhoza kupangidwa kufakitale, n'kubwera okonzeka kale monga mankhwala ena, ndipo mtengo wake ukhoza kutsika. Maganizo amenewa si achilendo kwenikweni, pakuti akatswiri a zakudya za ana a ku Ulaya analangiza kale m'chaka cha 2018 kuti ana ambiri azilandira matumba okhazikika m'malo mwa osakaniza payekhapayekha. Chatsopano n'chakuti kompyuta ikhoza kuthandiza wachipatala amene si katswiri wa ana anthete kusankha thumba loyenera, ndipo m'dziko limene akatswiri oterewa ndi owerengeka, chimenechi si chinthu chochipeputsa.

Nkhaniyi ikutikhudza kuposa anthu a ku California. Lipoti la Born Too Soon la chaka cha 2012, limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena, linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana pafupifupi 18 obadwa masiku asanakwane mwa ana 100 aliwonse obadwa. Aliyense amene anakhalapo gadiyani kunasale akudziwa mmene timawadyetsera. Mayi amasamba m'manja, amakhala pa benchi n'kufinyira mkaka m'kapu, nthawi zina timadontho tochepa tachikasu tsiku loyamba. Namwino amakoka mlingo wake m'sirinji, mwina mamililita awiri okha, amayamba watsimikiza kuti chubu cholowa pamphuno chidakali m'mimba, kenaka amalumikiza sirinjiyo n'kuikweza m'mwamba pang'ono kuti mkaka utsike wokha popanda kukankha. Pakatha maola awiri kapena atatu, usiku womwe, amabwerezanso. M'mawa mwana amaikidwa pasikelo, ndipo mayi amayang'ana nkhope ya namwino asanayang'ane manambala. Ana ambiri amapulumuka ndi njira imeneyi, ndipo mkaka wa m'mawere ndiwo chitetezo chachikulu chimene tikuchidziwa ku matenda a NEC aja.

Koma pali ana ena amene njira imeneyi siiwafikira msanga. Alipo olemera mosapitirira kilogalamu imodzi ndi theka amene mimba imafufuma mukangowonjezera mkaka, moti mumakakamizika kuuimitsa. Alipo amene matumbo adwala kale ndipo ayenera kupumitsidwa kwa sabata kapena kuposerapo. Aliponso obadwa matumbo ali panja kapena otsekeka, amene ngakhale opaleshoni itayenda bwino amatenga masabata asanayambe kugaya chakudya. M'zipatala zambiri za maiko ngati lathu, mwana wotereyu amakhala pa diripi ya madzi a shuga ndi michere pang'ono. Madziwo amamuteteza kuti shuga asatsike ndiponso kuti thupi lisaume, koma mulibe mapuloteni kapena mafuta, choncho thupi limayamba kudya minofu yake yomwe. Namwino amaona khungu likukwinyika ndi nthiti zikuonekera tsiku ndi tsiku, akudziwa bwino chimene chikusoweka, koma alibe choti apachike. Ana amenewa ndi amene amandichititsa kukana mawu akuti nkhaniyi ndi ya kunja.

Tsono kwa amene akuti tigule msanga, ndili ndi mafunso. Kompyuta ya ku Stanford imasankha thumba poyang'ana zotsatira za magazi zimene kumeneko zimapezeka pafupipafupi: sodium, potassium, calcium, shuga, ndi zoonetsa mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito. Ngati makina a kulabotale aima chifukwa mankhwala oyezera atha, kapena zotsatira zafika tsiku lotsatira, kompyutayo idzakhala ikulangiza za mwana wa dzulo, pamene mwana wanthete amasintha m'maola ochepa. Ndiponso magazi onse a mwana wa kilogalamu imodzi sakwana mamililita 100, choncho pamafunika makina otha kuyeza ndi kadontho, osati botolo lodzaza.

Funso lina ndi la ana amene kompyutayo inaphunzirapo. Inaphunzira pa ana a ku California, amene masabata a mimba zawo amadziwika bwino chifukwa amayi awo anajambulidwa mimba ili yaing'ono. Kuno mayi wochokera ku Chingale kapena pachilumba cha Chisi akhoza kuyamba sikelo mimba itakula kale, ndipo nthawi zambiri timachita kuyerekeza masabata poyang'ana khungu, makutu ndi mapazi a mwanayo. Ana athu ambiri ndi ochepa thupi pa zifukwa ziwiri nthawi imodzi, kufulumira kubadwa komanso kusakula bwino m'mimba chifukwa cha malungo, kuchepa kwa magazi kapena kusadya mokwanira kwa mayi, amene nthawi zina iyenso ndi mtsikana woti thupi lake likadakula. Mwana amene wakhala ndi njala m'mimba akapatsidwa chakudya chambiri mwadzidzidzi, phosphate ndi potassium m'magazi mwake zikhoza kutsika moopsa. Palibe amene anganene motsimikiza kuti mitundu 15 ya ku California ndi yomweyo imene ana a ku Zomba akufunika mpaka itayesedwa pa iwo.

Palinso nkhani ya njira yolowetsera chakudyacho. Chifukwa chakuti ndi chokhathamira, kawirikawiri sichidutsa pa kamtsempha ka padzanja kwa nthawi yaitali, koma pamafunika kachubu kakatali kolowera pamchombo kapena pamkono mpaka kumtsempha waukulu wa pafupi ndi mtima. Kachubu kameneka ndi khomonso la tizilombo, ndipo madzi a shuga ndi mafuta ndi malo amene tizilombo timaswana msanga. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna TPN ayenera kufunanso madzi osamba m'manja osadukiza, magolovesi, mapampu oyendetsa diripi pa mlingo wake, magetsi osazimazima, komanso anamwino okwanira kuti mmodzi asamayang'anire ana ochuluka usiku wonse. Popanda zimenezi, thumba limene linabwera kudzapulumutsa mwana likhoza kumupha, ngakhale kompyuta italisankha molondola.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti Zomba ali ndi mbiri pa nkhani ya ana anthete. Njira ya kangaroo, yoika mwana pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, inayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978, ndipo m'Malawi muno inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba m'chaka cha 1999 isanafalikire m'zipatala zina. Pambuyo pake chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatenga nawo mbali pa kafukufuku wa maiko asanu, Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2021 n'kuonetsa kuti kuyamba kangaroo mwana atangobadwa, osadikira kuti akhale bwino, kunachepetsa imfa ndi 25 peresenti pakati pa ana olemera kuyambira kilogalamu imodzi mpaka pansi pa 1.8. Bungwe la WHO linasintha malangizo ake m'chaka cha 2022, ndipo amayi a ku Malawi anali m'gulu la amene anapereka umboniwo. Makina othandiza kupuma a Pumani anapangidwa mogwirizana ndi akatswiri a yunivesite ya Rice ya ku America ndi madokotala a ku Blantyre, ndipo anayesedwa m'mawodi athu asanagawidwe. Pulogalamu ya Neotree, imene namwino amalembamo za mwana pa tabuleti n'kulandira malangizo, inayesedwa koyamba kuno ku Zomba isanakhazikitsidwe ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Zinthu zonsezi zinagwira chifukwa anamwino ndi amayi athu anali nawo poziyesa, ndipo zolakwika zake zinakonzedwera pompano.

Choncho pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku yunivesite ya Kamuzu ya zaumoyo, KUHeS, n'lakuti tiyambe ndi zolembedwa. Kompyuta ya ku Stanford inatheka chifukwa kwa zaka khumi chipatala chinasunga mlingo uliwonse ndi zotsatira zilizonse m'njira yoti zikhoza kuwerengedwanso. Ife zambiri za ana athu zili m'mafayilo a mapepala amene mwana akatuluka amamangidwa m'mitolo n'kusungidwa, ndipo palibe amene amawatsegulanso. Tikufunika kuti pa mwana aliyense wosakwana kilogalamu imodzi ndi theka pazilembedwa tsiku ndi tsiku kulemera kwake pa sikelo yotha kuona kusintha kwa magalamu ochepa, mkaka umene walandiradi osati umene unalembedwa kuti alandire, madzi a m'diripi, shuga wa m'magazi, tsiku limene anafika pa mkaka wokwanira, tsiku limene anabwerera pa kulemera kobadwa nako, ndi mmene anathera. Zolembedwa za zaka zochepa kuchokera m'zipatala zazikulu za Zomba, Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu zingatiuze kuti ndi ana angati amene akufunikadi chakudya cha m'diripi, kwa masiku angati, ndipo ndalama zake zingakhale zingati. Ndi zimenezi m'manja, akatswiri athu akhoza kupita kwa anzawo a kunja ngati eni kafukufuku, osati ngati opempha. Yunivesite ya Malawi ili momwe muno mu Zomba ndipo imaphunzitsa za makompyuta ndi masamu a chiwerengero. Ophunzira ake sakusowa ntchito yaphindu yoti achite pamodzi ndi anamwino a kunasale.

Zolembedwa zimenezi ndi za ana a anthu, ndipo ziyenera kutetezedwa. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la chaka cha 2024, ndipo liyenera kugwira ntchito pa khanda monga momwe ligwirira pa munthu wamkulu. Mayi afotokozeredwe m'Chichewa kapena m'Chiyao chomveka kuti za mwana wake zikupita kuti, ndipo akakana asaope kuti mwanayo alandira chithandizo chochepa. Matumba alionse obwera kuchokera kunja adutse ku bungwe loona za mankhwala la PMRA monga mankhwala ena onse. Ndipo ndikufuna zidzalembedwe poyera kuti mawu omaliza ndi a dokotala ndi namwino amene akumuona mwanayo. Ngakhale a ku Stanford anaikonza pulogalamu yawo kuti dokotala azitha kusintha zimene yalangiza. Namwino amene waona kuti mimba yafufuma, mwana wasiya kugwedezeka monga mwa masiku onse, kapena mkodzo wachepa, asadzakakamizidwe kutsatira zolembedwa pa tabuleti poopa kudzudzulidwa.

Ndikuopanso chinthu chimodzi chimene chimachitika zipangizo zatsopano zikafika, chakuti anthu amayamba kupeputsa zimene anali nazo kale. Ngakhale kumene TPN ili ponseponse, cholinga cha madokotala chimakhala kumuchotsa mwana pa diripi msanga n'kumufikitsa pa mkaka wa mayi ake, chifukwa akakhalitsa pa diripi chiwindi chimavulala ndipo matumbo osagwiritsidwa ntchito amafooka. Ndalama zoyamba zipite kothandiza mayi kuyamba kufinya mkaka m'maola oyamba atachira, kumupatsa chakudya chokwanira ndi malo ogona pafupi ndi mwana wake, komanso kuganizira zosungira mkaka woperekedwa ndi amayi ena, woyezedwa ndi kutenthetsedwa kuti tizilombo tife, monga anayambira anzathu a ku Kenya pa chipatala cha Pumwani ku Nairobi m'chaka cha 2019. Chakudya cha m'diripi chibwere kudzathandiza ana ochepa amene mkaka sungawafikire, ndipo chiyambire m'zipatala zazikulu zimene zili ndi labotale ndi madokotala a ana, osati kumwazidwa paliponse nthawi imodzi.

A Mkonzi, m'mwezi wa Novembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ana obadwa masiku asanakwane, ndipo nyuzipepala zimalemba zimene akuluakulu ayankhula pamwambowo. Ndikupempha kuti chaka chino atolankhani anu akafunse mafunso achindunji kwa a Unduna: ndi ana angati osakwana kilogalamu imodzi ndi theka amene anagonekedwa m'zipatala zazikulu chaka chatha, ndi angati anatuluka amoyo, amatenga masiku angati kuti afike pa mkaka wokwanira, ndipo pamasiku amenewo amalandira chiyani m'diripi. Mayankho ake muwasindikize m'Chichewa, kuti makolo a anawa nawonso awawerenge.

Namwino wopuma pantchito,
Chinamwali, Zomba